Ma elevator a ku Canada: anamangidwiranji, nanga akutheranji?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito ku Regina, m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada. Akuti: "Tikamapita ku Winnipeg pagalimoto timaona zinyumba zitalizitali zamatabwa, zopanda mawindo, zitaima m'mbali mwa njanji, dzina la tauni litalembedwa pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu. Zina zapendekeka, zina akuzigwetsa. Anzanga akuno amazitchula kuti elevator, ndipo akamazikamba amakhala ngati akukamba za m'bale wawo amene anamwalira. Kodi ndi nkhokwe chabe? Nanga anazisiyiranji?"

Mayi, mawu oti nkhokwe akulondola pang'ono, koma angakusocheretseni. Nkhokwe yakwathu imasunga chakudya cha banja mpaka tidzakololenso, ndipo mwini chimanga ndiye mwini nkhokwe. Elevator sinamangidwire zimenezo. Tirigu ankalowamo kuti atuluke msanga, ndipo nyumbayo poyamba sinali ya mlimi. Panali pamsika. M'menemo ndi mmene tirigu ankamuyeza pasikelo, kumupatsa giredi, kumugula ndi kumukweza m'sitima. Mukafuna chofanana nacho kwathu, kumbukirani msika wa ADMARC wakumudzi m'masiku aja kunalibe kwina kogulitsa, ndiye muikepo njanji pakhomo pake. Dzinalo likunena ntchito yake: mkati muli makina okweza tirigu pamwamba, kuti pobwerera pansi atsike yekha.

Nzeru imeneyi sinayambire ku Canada. Mu 1842, ku Buffalo m'dziko la America, wamalonda wina dzina lake Joseph Dart pamodzi ndi katswiri wa makina Robert Dunbar anayamba kumanga elevator yoyendera nthunzi, yotsitsira tirigu m'zombo. Imeneyo inali ya padoko. Amene mukuwaonawo ndi ana ake akumudzi, ndipo anabadwa chifukwa cha vuto la chidikha chachikulucho cha Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta.

Mu 1872 boma la Canada linakhazikitsa lamulo loti munthu wolipira madola 10 azipatsidwa maekala 160, bola amangepo nyumba ndi kulimapo. Malowo sanali opanda eni. Kunali a Cree, a Saulteaux, a Blackfoot, a Métis ndi ena, amene moyo wawo unkadalira njati za kumeneko. Pofika cha m'ma 1880 njatizo zinali zitatha, ndipo ambiri mwa eni nthaka anapanikizidwira m'timadera ting'onoting'ono. Njanji ya Canadian Pacific Railway, imene anthu amangoti CPR, inalumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa dzikolo mu 1885, ndipo alimi ochokera ku Ontario, America ndi ku Ulaya anayamba kukhamukirako. Nthaka inali yachonde, tirigu ankabereka. Koma mlimi wa kufupi ndi Regina ali pamtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku doko la pa nyanja ya Superior, kumene lero kuli mzinda wa Thunder Bay. Popanda njanji, tirigu wakeyo analibe mtengo.

Poyamba ankachita monga timachitira ife: kuthira m'matumba, kutengera kushedi ya pasiteshoni, amuna n'kumanyamula thumba limodzilimodzi kulowetsa m'bogi. Kudzaza bogi imodzi kunkatha pafupifupi tsiku lonse, ndipo kwa kampani ya njanji bogi yoima ndi ndalama yogona. Elevator yoyamba m'derali anamanga ndi William Hespeler ku Niverville, Manitoba, mu 1879, ndipo inali yozungulira. Ya makona anayi, imene inadzakhala chitsanzo cha ena onse, inamangidwa ndi kampani yogaya ufa ya Ogilvie ku Gretna mu 1881. CPR itaona kuti nyumba yotere imadzaza bogi ola lisanathe, inaponya nyambo: aliyense womanga elevator yolowa mabushel osachepera 25,000, yokhala ndi injini ndi makina opetera, apatsidwa malo m'mbali mwa njanji, ndipo pasiteshoni imeneyo sitima sidzalandiranso tirigu wochokera m'shedi kapena pangolo ya mlimi. Bushel imodzi ya tirigu ndi makilogalamu 27, choncho tikukamba za matani pafupifupi 680, kapena kuti matumba 13,600 a makilogalamu 50. Gwiritsitsani chiganizo chomaliza cha panganolo, chifukwa mkangano wonse wa zaka zotsatira unatuluka m'menemo.

Mwina mwaona kuti matauni a m'mbali mwa njanji atalikirana mofanana, makilomita 11 mpaka 16. Si mwangozi. Anayeza ndi mwendo wa hatchi: mlimi anyamuke m'mawa ndi ngolo yodzaza, agulitse, abwerere kwawo kusanade. Pamene paima elevator pankabwera sitolo, positi ofesi, sukulu, tchalitchi, banki. Njanji ina, ya Grand Trunk Pacific, inkangotchula masiteshoni ake motsata zilembo, n'chifukwa chake kumpoto chakum'mawa kwa Regina mupeza Fenwood, Goodeve, Hubbard, Ituna, Jasmin, Kelliher ndi Leross atandandalikana ngati ana a sukulu pa asembule.

Kamangidwe kake n'kofunika kukamvetsa, chifukwa munthu woona kunja amaganiza kuti ndi chinyumba cha mphako. Ayi. Tirigu akaunjikana amakankha makoma ngati madzi, ndiye khoma la matabwa oimika likanaphulika. Amisiri ankagoneka thabwa pamwamba pa linzake monga timayalira njerwa, n'kukhomerera ndi misomali italiitali, kuyambira pansi mpaka kudenga. Pansi, pamene mphamvu ya kukankha ndi yaikulu, ankaika matabwa otambalala mainchesi 8, pakati a 6, pamwamba a 4. Makoma a mkati ankalukana ndi akunja n'kupanga zipinda zoimirira, nthawi zambiri 16 kapena kuposerapo, chilichonse cha mbewu yake kapena giredi yake. Nyumbayo inkapitirira mamita 20 kutalika, m'dziko lopanda phiri, mwakuti munthu ankaona tauni akadali kutali kwambiri, n'kuwerenga dzina lake pakhomapo.

Mlimi akafika ankakwera kamtunda, n'kulowa ndi ngolo yonse pazitseko zikuluzikulu. Pansi pamene ngoloyo yaima ndiye pasikelo. Woyang'anira, amene kumeneko amati agent, ankayeza, n'kutapa tirigu pang'ono kuti amuone. Akatsegula kumbuyo kwa ngolo, tirigu ankagwera m'dzenje, ndipo kuchokera m'dzenjemo lamba wozungulira wokhala ndi timakapu tachitsulo ankamutapa kupita naye pamwamba penipeni, m'kanyumba kamene mumakaona kali ngati chipewa padenga. Lamba ameneyu eni ake amamutchula ndi mawu otanthauza mwendo. Ali pansi pomwepo, agent ankapotokola chiwongolero choloza paipi kuchipinda chimene akufuna. Tsiku lodzaza bogi, tirigu ankatsika m'chipinda, kuyezedwanso, kukwezedwanso, n'kutsetsereka pa paipi yotulukira kunjanji. Injini inkakhala m'kanyumba kapadera pamodzi ndi ofesi, chapatali pang'ono, chifukwa fumbi la tirigu likakumana ndi kamoto kakang'ono limaphulika ngati wonga. Ngakhale anasamala chotero, ambiri anapsa ndithu. Elevator ikagwira moto sankalimbana nayo. Ankangoteteza nyumba zoyandikana.

Tsopano dziikeni m'malo mwa mlimi wa m'chaka cha 1900. Mwayenda makilomita 15 m'chisanu choopsa, muli ndi ngongole kusitolo ndi kwa wogulitsa makina. Agent wayang'ana tirigu wanu, n'kunena kuti chipinda cha giredi yoyamba chadzaza, malo atsala m'cha giredi yachitatu. Mukafuna thirani pamtengo wa yachitatu, mukapanda kufuna bwererani naye. Kenako achotsako makilogalamu ena ati ndi a zinyalala ndi njere za udzu, ndipo woyeza zinyalalazo ndi iye yemwe. Sikelo ndi yake. Mukati muyese elevator yoyandikana nayo, mupeza mtengo womwewo, chifukwa bungwe la amalonda ku Winnipeg linkatumiza mtengo umodzi pa telegalamu tsiku lililonse. Panalinso mitengo iwiri: wa tirigu wodzaza bogi yathunthu, ndi wina wotsikirapo wa munthu wobwera ndi ngolo imodzi. Amene anagulitsapo chimanga kwa mavenda mwezi wa May, ana akudikira fizi, safunika kuwafotokozera zambiri pamenepa. Si ma agent onse amene anali akuba, ndipo ambiri anali antchito chabe okakamizidwa ndi mabwana awo. Koma dongosololo linali loti wakuba sangagwidwe.

Madandaulo atachuluka, boma linakhazikitsa lamulo la Manitoba Grain Act mu 1900, lolola mlimi kudzaza yekha bogi osadzera mu elevator. Papepala zinali bwino. Koma mu 1901 kunali zokolola zosaneneka, mabogi anachepa, ndipo ochepawo CPR inkayamba kupatsa makampani a ma elevator. Tirigu wambiri anatsala m'minda ndi m'mashedi chisanu chikuyamba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mu December chaka chomwecho alimi anasonkhana ku Indian Head, tauni imene mumaidutsa mukayenda makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Regina, n'kukhazikitsa bungwe la Territorial Grain Growers' Association motsogozedwa ndi W. R. Motherwell. Mu 1902 lamulo linakonzedwa kuti pasiteshoni pazikhala buku lolembetsa mabogi, woyamba kulembetsa ndiye woyamba kulandira, kaya ndi mlimi kaya ndi kampani. CPR inanyozera. Bungwelo linasumira wantchito wa CPR wa pa siteshoni ya Sintaluta, tauni yotsatira pamsewu wanu womwewo, ndipo linapambana. Chindapusa chinali madola 50 okha, ndalama yosaopsa kampani yaikulu chotero, koma kampaniyo itachita apilo inagonjanso. Ufulu wa mlimi woitanitsa bogi yake ukadalipo m'malamulo a Canada mpaka lero.

Ku Sintaluta komweko kunali mlimi wina wouma mutu, E. A. Partridge. Mu 1905 anzake anamutuma ku Winnipeg kukaona mmene msika waukulu wa tirigu umayendera, ndipo anabwerako ali wotsimikiza kuti kudandaula sikungathandize, alimi ayenera kulowa okha m'malondawo. Mu 1906 anayambitsa Grain Growers' Grain Company. Amalonda a ku Winnipeg anaichotsa pamsika wawo chifukwa inkafuna kugawa phindu kwa alimi molingana ndi tirigu amene aliyense wabweretsa, ndipo inabwereramo boma la Manitoba litalowererapo. Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Saskatchewan Co-operative Elevator Company inabadwa mu 1911, ya alimi a ku Alberta mu 1913, ndipo mu 1917 ya ku Alberta ija inaphatikizana ndi ya Partridge kukhala United Grain Growers. Boma la Manitoba nalo linayesa kugula ma elevator mu 1910, koma linagula okalamba pamtengo wokwera, linaluza, ndipo patangopita zaka ziwiri linawabwereketsa kwa kampani ya alimi ija. Mu 1912 lamulo la Canada Grain Act linaika bungwe la boma loyang'anira masikelo ndi magiredi, kuti mlimi wosakhutira ndi giredi ya agent azitha kutumiza tirigu pang'ono kwa woyesa wa boma, ndipo mawu a woyesayo ndiwo omaliza.

Dzina limene mudzalione kwambiri pamakoma otsalawo ndi Pool. Mu 1923 loya wina wa ku California, Aaron Sapiro, anayendera derali akulalikira za kugulitsa pamodzi, ndipo maholo ankadzaza. Alberta Wheat Pool inayamba chaka chomwecho, ya Saskatchewan ndi ya Manitoba mu 1924. Mlimi ankasaina pangano la zaka zisanu loti tirigu wake yense apite ku Pool. Pobweretsa ankalandira gawo loyamba la ndalama, zotsala zinkabwera tirigu wa onse atagulitsidwa, aliyense wa giredi imodzi n'kulandira mtengo wofanana, kaya anabweretsa mu September kaya mu March. Sikuti onse analowa. Ena ankati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, n'kumagulitsabe kwa makampani olipira zonse pompopompo. Komabe mu 1926 Pool ya ku Saskatchewan inali itakula moti inagula ma elevator onse a kopaletivi ija ya 1911.

Kenako kunagwa tsoka. Mu 1929 ma Pool analipira alimi dola imodzi pa bushel ngati gawo loyamba, akuyembekeza kuti mtengo ukwera. Mtengo unagwa kupitirira pansi pa dolayo, ngongole ku mabanki inatsala yaikulu, ndipo maboma a zigawo zitatuzo ndiwo anawaimira. Ma Pool anasiya kugulitsa pamodzi, anatsala ngati eni ma elevator, n'kubweza ngongoleyo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Ntchito yogulitsa inapita ku bungwe la boma la Canadian Wheat Board, lokhazikitsidwa mu 1935, limene kuyambira mu 1943 linakhala logula lokhalo la tirigu wa m'derali. Mlimi aliyense anali ndi kabuku kolembamo siteshoni yake ndi kuchuluka kwa tirigu wololedwa kubweretsa nthawi imeneyo.

M'zaka za m'ma 1930 zomwezo ndi pamene ma elevator anachuluka kwambiri: anapitirira 5,700. Tauni ankaiyeza ndi chiwerengero chawo, ndipo Vulcan ku Alberta inkanyadira kuti ili ndi asanu ndi anayi pamzere umodzi. Zinyumba zazifupi zomatidwa m'mbali mwa ena, zambiri zinayamba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene tirigu anasowa njira yopitira ku Ulaya n'kudzaza paliponse. Poyamba pafupifupi onse anali ofiirira. Pambuyo pake makampani anasankha mitundu yawo, Pioneer mtundu wa lalanje, Alberta Pool wobiriwira motuwa. Agent ankagulitsanso malasha, ufa, feteleza ndi chingwe chomangira mitolo, ndipo muofesi yake munali mbaula, ndiye m'nyengo yozizira amuna ankasonkhana m'menemo kukamba za mitengo, mvula ndi ndale. Anzanuwo akamaoneka achisoni, n'kutheka kuti akukumbukira ali ana atakhala m'lole ya bambo awo pamzere, akutafuna tirigu mpaka asanduke ngati chingamu. Koma pamzerewo si onse ankaima mofanana. Kuyambira m'ma 1880, kwa zaka makumi ambiri, mlimi wa mtundu wa eni nthaka wokhala m'timadera tija sankaloledwa kugulitsa mbewu yake popanda kalata ya mkulu wa boma womuyang'anira. Zimenezi pa zithunzi zokongola za ma elevator sizilembedwa.

Tsono anazisiyiranji? Chimene chinawabala ndi chomwe chinawapha. Mtunda wa hatchi unasiya kukhala muyeso malole atabwera. Minda inakula, alimi anachepa, ndipo kuyambira m'ma 1950 makampani anayamba kutseka ang'onoang'ono. Kumbali ya njanji kunali nkhani ya mtengo wonyamulira. Mu 1897 CPR inalandira thandizo la boma pomanga njanji yodutsa pa Crowsnest Pass, n'kulonjeza kunyamula tirigu motchipa. Mtengo umenewo, umene alimi ankangoutchula kuti Crow, unadzalowa m'lamulo ndipo unakhala pafupifupi osasintha mpaka 1983. Makampani a njanji ankati akuluza, ndiye anasiya kukonza tinjanji ta kumidzi. M'ma 1970 kunabwera mabogi atsopano otsegulira pansi, olemera kwambiri moti tinjanji takaleto sitikanawapirira. Mu 1976 alimi a ku Weyburn anatsegula elevator yaikulu ya konkire, ndipo aliyense anaona kumene zinthu zikulowera. Mu 1995 boma linathetseratu thandizo limene linkapereka pa mtengo wonyamulira wa Crow, n'kupereka madola 1.6 biliyoni kamodzi kokha kwa eni minda. Kuyambira pamenepo makampani a njanji ankachotsera mtengo amene angadzaze mabogi 50 kapena 100 nthawi imodzi, pamene elevator yamatabwa inali ndi malo a mabogi owerengeka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ma elevator amatabwa ankagwa mazanamazana, kambiri powakankha ndi makina n'kuwatentha pomwepo. Makampani sankafuna kulipira msonkho ndi inshuwalansi pa nyumba yosagwira ntchito, komanso sankafuna kuigulitsa kwa munthu amene angapikisane nawo. Lero malo ogulira mbewu ovomerezeka m'zigawozo ndi mazana ochepa chabe, ambiri a konkire kapena chitsulo, ndipo amaima kutchire, kunja kwa tauni.

Ine sindili m'gulu lonena kuti amatabwawo akanapitirira. Anali afumbi lowononga mapapo, osachedwa kupsa, ndipo zokolola za masiku ano sakanazikwanitsa. Koma tisanamizane kuti mtengo wonyamulira unatha, unangosamuka. Mlimi ndiye anagula lole yaikulu, anamanga nkhokwe zachitsulo pamunda pake, akuyenda makilomita 50 kapena kuposa, ndipo misewu imene malolewo akuphwanya ikukonzedwa ndi msonkho wa anthu a m'deralo. Tauni yaing'ono itataya elevator inataya wolipira msonkho wamkulu, ndipo mlimi wopita kukagulitsa kutali amagulanso shuga ndi mafuta komweko. Chimene chimandiwawa ine si matabwa, koma mayina a pakhomawo. Saskatchewan Wheat Pool inayamba kugulitsa masheya pamsika wa Toronto mu 1996, inakongola kwambiri pomanga ma elevator a konkire, n'kutsala pang'ono kugwa. Ma Pool a Alberta ndi Manitoba anaphatikizana mu 1998, n'kulowana ndi United Grain Growers mu 2001, ndipo mu 2007 onsewo anakhala kampani imodzi ya Viterra. Mu 2012 Viterra inagulidwa ndi Glencore ya ku Switzerland, chaka chomwenso Wheat Board inalandidwa mphamvu yokhala wogula yekha, ndipo mu 2025 Viterra inalowa m'manja mwa kampani ya Bunge. Konkire siinakakamize zimenezo. Anasankha ndi anthu, ena mwa iwo adzukulu a omwe anasaina mapangano a 1924, ndipo mukafunsa alimi awiri ngati anachita bwino, konzekani kukhala pansi nthawi yaitali.

Ulendo wotsatira wa ku Winnipeg, mukadutsa Moosomin muchepetse liwiro pa Fleming, pafupi ndi malire a Manitoba. Pamenepo panali elevator ya kampani ya Lake of the Woods yomangidwa mu 1895, imene inkadziwika kuti ndiyo yakale kwambiri yoimabe pamalo ake. Anthu a m'tauniyo anataya nthawi ndi ndalama zawo kuikonza, boma linaiika pamndandanda wa malo a mbiri ya dziko, ndipo mu February 2010 inapsa yonse. Mukafuna kulowa mkati mwa ina, patukani tsiku lina m'nyengo yotentha mupite ku Inglis, Manitoba, kufupi ndi Russell. Kumeneko kuli asanu pamzere umodzi, omangidwa pakati pa 1922 ndi 1941, osungidwa ngati malo a mbiri kuyambira 1996. Muimepo pasikelo, muone lamba uja ndi timakapu take. Ndipo akakulolani kusuzumira m'chipinda cha tirigu, mukhudze khoma: pamene mbewu inkatsetsereka kwa zaka makumi ambiri, mbali yofewa ya thabwa inadyeka, mfundo zokha n'kutsala zitatumphuka, zosalala ngati mwala wa mumtsinje.